Lamba mmodzi, mitima inayi: kope la gulu lathu la njinga ku Salima

Juni, sabata yoyamba

Lero ndatsegula kope latsopano. M'lakale lija munali mitunda ndi maola basi: tapita kuti, tabwerako nthawi yanji, waphulitsa tchubu ndani. Lino ndi la mtima.

Chandikakamiza ndi zomwe zatichitikira m'mipikisano itatu yotsatizana. Ponyamuka timakhala ndi gulu lotsogola, ola loyamba lonse tili momwemo, koma msewu wa ku Lilongwe ukangoyamba kukwera miyendo imakana, anzathu a kumtunda n'kutisiya ngati taima. Anyamata akuti vuto ndi njinga zathu. Kulemera n'zolemeradi, koma ine ndikuona ngati timatha nkhuni madzi a nsima asanawire. Kuno kunyanja tili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere, Lilongwe ili pamwamba kuposa mamita 1,000, choncho munthu ayenera kufika patsinde pa zitunda ali ndi kanthu m'miyendo. Ndikufuna tidziwe pomwe aliyense wa ife amayambira kudya mbewu.

Tilipo anayi. Achimwene a kabaza a zaka 38, omwe amaima pa Kamuzu Road ndipo akhala pa chishalo kuyambira ali achichepere; mnyamata wa ku Chipoka wa zaka 19; mtsikana wathu wa zaka 24 yemwe amagulitsa m'sitolo pa boma; ndi ine wa zaka 45, mphunzitsi wa sayansi. Maina sindilemba chifukwa muno mulowa za matupi ndi matenda a anthu.

Zida zathu ndi lamba mmodzi wa pachifuwa wa Polar, wogula kwa munthu, yemwe amatumiza kugunda kwa mtima ku foni pa Bluetooth, ndi kachipangizo koyeza liwiro komangirira pa gudumu. Power meter, chipangizo choyeza mphamvu yomwe phazi likuponda pa pedulo, tilibe, mtengo wake ungagule njinga yathunthu. Ndilembe poyambirira pomwe kuti tisadzaiwale: mphamvu imene phazi likuponda ife sitikuiona. Tikuona momwe mtima ukuyankhira basi, ndipo mtima umayankha zambiri, osati mapedulo okha.

Aliyense wayamba kuwerenga mtima wake m'mawa asanadzuke pogona, zala ziwiri pakhosi, mphindi yathunthu. Achimwene akupeza 49, mnyamata 54, mtsikana 57, ine 61.

Mnyamata anabwera ndi masamu ake a pa intaneti: 220 kuchotsa zaka zako, ndiye kuti wapeza kugunda kochuluka kwambiri komwe mtima wako ungafike pa mphindi. Masamuwa ndi a m'ma 1971, a Fox ndi Haskell, ndipo mu 2001 Hirofumi Tanaka ndi anzake anatulutsa ena, 208 kuchotsa zaka zochulukitsa ndi 0.7. Onsewa ndi avereji ya khamu la anthu. Munthu payekha akhoza kusiyana nawo ndi 10 kapena kuposapo. Loweruka tinapita pa chitunda, lamba n'kumasinthana. Achimwene, omwe masamu akuwapatsa 182, anafika 193. Mnyamata, yemwe masamu akumupatsa 201, anadzifinya mpaka kusanza koma sanadutse 188. Masamuwo tawasiya pomwepo.

Juni, sabata yachitatu

Tisanayeze ndinayenera kufotokoza chomwe tikufuna, chifukwa onse atatu anamva kale kuti lactate ndi poizoni wolowa m'miyendo. Si poizoni. Minofu ikamaphwanya shuga kuti ipeze mphamvu, lactate amapangika nthawi zonse, ngakhale munthu ali khale pa mpando; m'magazi a munthu wopumula mumakhala pafupifupi 1 mmol (muyeso wa kuchuluka kwake) pa lita. Mtima umamugwiritsa ntchito ngati nkhuni, minofu ina nayo chimodzimodzi, ndipo chiwindi chimamubweza kukhala shuga. George Brooks wa ku Berkeley ndi amene analimbikira kusonyeza zimenezi m'ma 1980. Ngakhale kuphwanya kwa miyendo kwa mawa lake si lactate, iye amakhala atatsika kale pakangotha ola limodzi.

Ndinawapatsa fanizo la minda ya mpunga ku Lifuwu. Pali ngalande yolowetsa madzi ndi ina yotulutsa. Zikamafanana, madzi m'munda amakhala pa msinkhu umodzi. Ukatsegula kwambiri yolowetsa, madzi amakwera pang'ono n'kukhazikika pa msinkhu wina wapamwamba. Ukatsegulanso, imafika nthawi yoti yotulutsa ija yalephera, madzi n'kumangokwera mpaka kusefukira. Pomwe madzi ayamba kukwera tikutcha malire a m'munsi. Pomwe yotulutsa yalephera tikutcha malire a m'mwamba. Pa malire a m'mwamba munthu wozolowera amatha kupalasa theka la ola mpaka ola limodzi. Akadutsapo amakhala akuwerenga mphindi.

Kuti tipeze malire a m'mwamba popanda kutenga magazi tatsata njira ya kochi Joe Friel: upalase wekha mphindi 30 ndi mphamvu zonse zomwe ungasunge mpaka kumapeto, kenako utenge avereji ya mtima ya mphindi 20 zomaliza. Mphindi 10 zoyamba zimatayidwa chifukwa mtima umachedwa, miyendo imayamba ntchito iwo ukubwera m'mbuyo.

Tasankha msewu wa ku Senga Bay, pafupifupi makilomita 20 opanda zitunda zodetsa nkhawa, 5 koloko ndi theka m'mawa, maminibasi ndi mbuzi zisanadzaze. Mwera wayamba kuwomba, ndiye liwiro sitikulilabadira. Poti lamba ndi mmodzi, zatitengera masiku anayi. Achimwene 171, mtsikana 176, ine 158. Mnyamata anaononga ulendo woyamba: ananyamuka ngati wathamangitsidwa ndi njuchi, pa mphindi ya 6 anali kale pa 181, pa mphindi ya 18 akungozungulitsa miyendo pakamwa pali yasaa. Anabwereza patatha masiku atatu n'kupeza 168.

Ataona mndandanda anafunsa, "Akochi, ndiye kuti asisiwa atiposa tonse?" Ndinamuyankha kuti nambala yaikulu si mphamvu zambiri. Mitima imasiyana kukula, wina umatunga magazi ambiri pa kugunda kumodzi, wina ochepa koma mofulumira. 176 ya mtsikana ingoyerekezedwa ndi ya iye mwini wa mwezi wamawa.

Julaye, sabata yoyamba

Kawiri sabata ino foni yaonetsa 228 munthu akungotenthetsa thupi. Mtsikana anachita mantha mpaka kutsika njinga. Vuto linali lamba wouma: m'mawa wozizira khungu silituluka thukuta, mphira ya lamba siigwira bwino, ndipo jezi ya nayiloni ikamapepeluka ndi mphepo imasokonezanso. Tsopano tikunyowetsa lamba ndi madzi tisanavale, ndipo batire tasintha. Nambala ikalumpha modabwitsa, zala pakhosi kaye. Koma ndawauzanso kuti zala zikavomerezana ndi foni, kapena munthu akamva chizungulire ndi kupweteka pachifuwa, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, osati ya kope lino.

Julaye, sabata yomaliza

Msuweni wanga wobwera kuchokera ku Johannesburg watibwereka kamakina koyeza lactate ndi timapepala take 25. Kamafanana ndi kaja koyezera shuga, koma ka shuga sikangagwire ntchito imeneyi. Timapepala n'todula ndipo kuno sitipezeka, ndiye kalikonse ndikukawerengera.

Tinachitira pakhonde pa nyumba yanga Lamlungu masana. Njinga tinaiika pa choimikira chakale chokhala ndi kachitsulo kozungulira kofinya tayala lam'mbuyo, giya imodzi, mpweya wa m'tayala wofanana. Liwiro timakweza ndi makilomita 2 pa ola pakatha mphindi 4 zilizonse, ndipo kumapeto kwa gawo lililonse dontho la magazi. Wobaya anali mnzathu namwino, wovala magulovu, singano yatsopano nthawi iliyonse. Fani inazungulira gawo loyamba lokha magetsi n'kuzima, ndiye mtsikana anatenga lichero la mayi a kunyumba n'kumakupiza wopalasayo mpaka mapeto. Zinali zofunika, chifukwa munthu wopalasa malo amodzi alibe mphepo yomuziziritsa ndipo mtima umakwera ndi kutentha kokha.

Kapepala koyamba kanaonetsa 6.8 achimwene asanaponde n'komwe pedulo. Kachiwiri 5.1. Tinayang'anizana. Namwino ndi amene anazindikira: thukuta nalo lili ndi lactate, ndipo chala chinali chonyowa. Kuyambira pamenepo amatsuka chala, kuchiumitsa ndi thonje, kubaya, kupukuta dontho loyamba, n'kutenga lachiwiri lozungulira bwino osalifinya kwambiri. Kachitatu kanaonongeka chifukwa magazi anachepa. Timapepala titatu tinapita choncho.

Za achimwene zinayenda motere. Mtima pa 118, lactate 1.1. Pa 131, 1.0. Pa 143, 1.3. Pa 154, 1.9. Pa 164, 2.7. Pa 172, 4.1. Pa 181, 7.2, ndipo apa anagwedeza mutu thukuta likugwera pa simenti kuti dondo dondo.

Za mnyamata: pa 122, 1.4. Pa 136, 2.0. Pa 147, 2.6. Pa 156, 3.4. Pa 163, 4.3. Pa 170, 5.9. Pa 178, 8.3.

Usiku wonse ndinali ndi manambalawa pa pepala la masamu, ndipo zinthu ziwiri zatuluka.

Choyamba ndi nambala ya 4 mmol yomwe imatchulidwa paliponse ngati malire. Inachokera kwa Alois Mader ndi anzake ku Cologne mu 1976, ndipo kwa achimwene yagwirizana ndi ya pamsewu mochititsa chidwi: 4.1 pa 172, pomwe msewu wa ku Senga Bay unatipatsa 171. Koma mnyamata anasunga 168 kwa mphindi 20, pomwe pa pepala langa lactate wake pamenepo ali kupitirira 5. Ndikadatsata 4 ngati lamulo ndikadamuikira malire pa 161, n'kumumanga miyendo pachabe. Izi si zachilendo. Msinkhu womwe lactate amakhazikika umasiyana, ena pansi pa 3, ena kupitirira 6. Chofunika ndi pomwe mzere wa munthuyo ukupindikira m'mwamba.

Chachiwiri ndi chomwe chandisowetsa tulo, ndipo ndikukhulupirira kuti yankho la mipikisano itatu ija lili apa. Malire a m'mwamba a anthu awiriwa ali pafupi, 171 ndi 168. Kusiyana kuli pansi. Mzere wa achimwene ndi wogona mpaka 154, wa mnyamata wayamba kale kukwera pa 136. Pa liwiro lomwe gulu limayenda pa chigwa, achimwene amakhala asanakhudze nkhokwe, mnyamata akutapa kale shuga wosungidwa m'minofu, yemwe ndi wochepa ndipo satha kubwezeretsedwa uli pa njinga mofulumira momwe akuthera. Pofika pa zitunda wina ali ndi nkhokwe yodzaza, wina theka.

Achimwene sanawerengepo buku la masewera. Mzere wawo wogonawo unamangidwa ndi zaka zonyamula anthu ndi matumba kuchoka pa depoti kupita ku midzi, maola ambiri tsiku lililonse, mosathamanga chifukwa mawa kulinso ntchito. Mnyamata amapalasa ola limodzi ndi theka madzulo alionse, nthawi zonse molimba, nthawi zonse kupikisana ndi nthawi yake ya dzulo pa Strava, pulogalamu ya pa foni yosunga maulendo a njinga. Stephen Seiler, yemwe wafufuza momwe akatswiri a masewera a mtunda wautali amakonzekerera, anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a zokonzekera zawo amachita mofewa, pansi pa malire a m'munsi. Achimwene akhala akuchita zimenezi posaka ndalama ya ufa.

Ndamulembera mnyamata: masiku anayi pa sabata asadutse 138. Tsiku limodzi lokha, nthawi zina awiri, ndi la moto. Timapepala tatsala 8, ndatisungira mtsikana.

Ogasiti, sabata yachitatu

Kupalasa mofewa kwamuvuta mnyamata kuposa kupalasa molimba. Sabata yoyamba anabwera nkhope ili gwaa: pa Kaphatenga anapitiriridwa ndi bambo wina wonyamula matumba awiri a makala, anthu a pa msika n'kumamukuwa kuti zovala zothina n'zachabe. Anakweza giya, mtima n'kufika 165. Ndamvetsa, manyazi a pagulu ndi olemera kwa mwana wa zaka 19. Tagwirizana kuti masiku ofewa aziyenda ndi achimwene kapena ine, akucheza. Ngati sangathe kumaliza chiganizo osapuma pakati, wadutsa. Njira ya kulankhulayi ikugwirizana bwino ndi lamba, ndipo ndi yomwe atatu opanda lamba tsiku limenelo timadalira.

Loweruka tinapita ku Nkhotakota pa msewu wa M5, makilomita opitirira 100, n'kukagona kwa abale a achimwene. Ndinasankha ulendo wolunjika kumpoto dala kuti mwera ukhale kumsana njira yonse, ndithe kuyerekeza ola loyamba ndi lomaliza. Lamba anavala achimwene. Ola loyamba, cha ku Khombedza, liwiro 27 mtima 136. Titadutsa Benga dzuwa litakwera, liwiro lomwelo mtima 143. Pofika pa Chia, pomwe amayi amaimika nsomba m'mphepete mwa msewu, 151. Miyendo sinaonjezere kanthu, mtima wakwera ndi 15.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Thupi likatentha limatumiza magazi ambiri ku khungu kuti akazizire, ndipo thukuta limachotsa madzi m'magazi. Magazi obwerera ku mtima amachepa, kugunda kulikonse kumatunga pang'ono, ndiye mtima umagunda kawirikawiri kuti ntchito yomweyo ichitike. Tinawayeza achimwene pa sikelo yogulira mbewu tisananyamuke, 62 kilogalamu, ndipo pofika anali 60, atamwa mabotolo awiri okha. Kilogalamu imodzi yotayika ndi ngati lita imodzi ya madzi. Makilogalamu awiri pa 62 ndi kupitirira magawo atatu pa 100, pomwe munthu akangotaya awiri pa 100 mphamvu zimayamba kale kuchepa m'nyengo yotentha. Iwo amati anazolowera kusamwa pa ntchito chifukwa madzi amalemetsa m'mimba. Pobwerera Lamlungu timaima pa mjigo ola lililonse, botolo limodzi la madzi okha, lina losakaniza shuga ndi kamchere, nthochi m'matumba. Mphepo inali kumaso, ndiye manambala a ulendo wobwerera sindiwayerekeza ndi a dzulo lake.

Sepitembala, sabata yachiwiri

Mtsikana wadwala malungo, ndipo kope lake la m'mawa ndi lomwe linayamba kunena. Lolemba 57, Lachiwiri 66, Lachitatu 71, iye akuti akungomva kutopa. Ndinamuletsa njinga n'kumupempha akayezetse. Madzulo a Lachitatu lomwelo thupi linatentha. Kutentha thupi kumakweza mtima pafupifupi ndi 10 pa digiri iliyonse, ndipo munthu wotentha thupi sayenera kupalasa ngakhale pang'ono. Wamaliza mankhwala onse, koma patha masiku 10 ndipo pa liwiro lake lofewa mtima uli pamwamba ndi 9 kuposa kale. Malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi, onyamula okosijeni amachepa, mtima n'kumabweza ngongoleyo pogunda mofulumira. Kuyeza kwake kwa lactate taimitsa. Kumuyeza tsopano kungakhale kutaya timapepala pa munthu yemwe sanabwerere m'thupi mwake.

Za achimwene zinali zotembenuka. Lachisanu tinkachita magawo anayi a mphindi 8 pafupi ndi malire a m'mwamba. Iwo ankaponda, nkhope ikuonetsa kuti akuvutika, koma foni inakakamira pa 158, 160. Mnyamata anasangalala, "Achimwene mwalimba, mtima sukukweranso!" Ine sindinasangalale. Mtima wotsika liwiro lili lomwelo ndipo munthu akumva kupepuka, kumeneko ndiye kulimba. Mtima wokana kukwera miyendo ili yolemera ndi liwiro litatsika, kumeneko n'kutopa. Nditawafunsa anati dzulo lake linali tsiku la msika, ananyamula matumba a mpunga kuyambira m'bandakucha mpaka mdima.

Ndinawapempha avale lamba tsiku lathunthu la ntchito. Maola 7 pa njinga, avereji 119, koma pokwera timitunda ndi katundu mtima umafika 165 kangapo. Ndondomeko zonse zomwe ndawerenga zimayesa kuti wopalasa ali ndi tsiku lopuma. Achimwene akapuma, kunyumba sikuphikidwa. Choncho ntchito yawo ndaiwerengera ngati zokonzekera zawo zofewa, ndachotsa maulendo ataliatali a pakati pa sabata, ndasiya tsiku limodzi la moto, ndipo lisamatsatane ndi tsiku la msika. Sabata ya mpikisano gulu lisonkha kangachepe kuti apume masiku awiri.

Sepitembala, kumapeto

Tinaonera pa kanema mpikisano wa njinga wa dziko lonse lapansi wa ku Kigali, woyamba kuchitikira mu Africa, womwe Tadej Pogačar anapambana. Mnyamata sanaphethire. Ulendo wake wofewa tsopano ukuyenda makilomita 2 pa ola mofulumirirapo mtima uli pa 138 pomwe paja, pa msewu womwewo ndi nthawi yomweyo ya m'mawa. Mwera wachepa, ndiye gawo lina ndi mphepo, koma masabata atatu otsatizana akunena chimodzimodzi.

Okutobala, sabata yachitatu

Mpikisano unali Loweruka, kuchoka pa Salima kukwera msewu wa M14. Tinauzidwa kuti tinyamuka 7 koloko, tinanyamuka 9 itadutsa, phula litayamba kale kunyezimira. Lamba anavala mnyamata, foni itamangidwa pa handulo. Ine ndinatsatira pa njinga yamoto ya mnzanga ndi zigubu za madzi. Malangizo anga anali a manambala: pa chigwa usadutse 155, pa zitunda ukhale pa 168, ukadutsa ikhale kwa mphindi ziwiri kapena zitatu basi.

Ndakhala masiku atatu ndikuyang'ana mzere wa mtima wake, ndipo ndilemba momwe ndauwerengera.

Ali chiimire pa mzere wonyamukira, phazi limodzi pansi, mtima unali 121. Amenewo ndi mantha, dzuwa ndi maola awiri odikira. Ichi chokha chinayenera kundiuza kuti manambala onse a tsikulo akwera.

Pa chigwa mzere ukuoneka wabata, pakati pa 152 ndi 160, koma mnyamata akuti gulu linkadumpha pafupipafupi, masekondi 15 kapena 20 a moto kenako kufewa. Zodumpha zazifupi zotere mtima suzionetsa bwino, umayamba kukwera zitatha kale. Power meter ikadazigwira. Ife tingodziwa kuti mzere wabata pa gulu sutanthauza kuti miyendo yapuma. Chimodzimodzi potsetsereka: pali malo pomwe mtima uli pa 160 kwa mphindi yathunthu iye asakupalasa konse, ukungomalizitsa za chitunda chomwe wadutsa.

Pa chitunda chachitali choyamba anali ndi gulu lotsogola la anthu asanu ndi awiri, chinthu chomwe sichinachitikepo. Tinamuyandikira kuti timupatse botolo, iye n'kukuwa, "Akochi, 174!" Ndinamuyankha, "Tsitsa, tsitsa!" Anamvera. Anafewetsa mpaka 167, gulu linapita, ndipo sanalipezenso. Anamaliza ndi gulu lachiwiri, ali ndi mphamvu zoti anawasiya onse pa kilomita yomaliza.

Pamenepo ndinalakwitsa ndine. Munthu amene wadutsadi malire a m'mwamba sakuwa mawu omveka bwino chotero, amangotulutsa liwu limodzi pakati pa befu. Nditamufunsa madzulo anati mpweya unali wolimba koma wosathawa, miyendo sinali kuwotcha. Mzere ukumuchitira umboni: asanandiuze anali atakhala pakati pa 172 ndi 174 kwa mphindi 14, ndipo mtima sunali kukwerabe, unali utakhazikika. 168 ija tinaipeza mu Juni, 5 koloko ndi theka m'mawa, mwera ukuziziritsa, munthu atapuma bwino ndipo ali yekha. Ine ndinaitenga n'kuiika pa 11 koloko ya mu Okutobala, pa munthu wotaya kale thukuta maola awiri, ali pa mpikisano. Zonse zomwe ndinalemba ndekha mu Ogasiti za ulendo wa ku Nkhotakota zinali m'kope muno, koma pa njinga yamoto paja ndinangoona nambala. Ndamupepesa pamaso pa anzake.

Komabe sindikunena kuti lamba analibe ntchito. Mphindi 40 zoyamba anakhala kumbuyo kwa anzake pobisala mphepo, sanatsogole ngakhale kamodzi, chifukwa foni imamukumbutsa. Kale akadakhala pa 175 asanafike n'komwe pa Kaphatenga. Kufika pa chitunda ali ndi gulu lotsogola ndi zipatso za miyezi itatu yopitiriridwa ndi onyamula makala. Achimwene, opanda lamba, anamaliza patsogolo pake pang'ono, koma minofu ya m'ntchafu inawakokana kawiri cha kumapeto. Anamwa mabotolo atatu pomwe tinapangana asanu. Mtsikana sanapikisane, anali nane pogawa madzi.

Funso lomwe latsala ndi loti 174 ija inali kutentha kokha kapena malire ake asunthadi. Nthawi zambiri munthu akamalimba, nambala ya mtima pa malire siisintha kwambiri, chomwe chimakwera ndi liwiro lomwe akuyenda pa nambala yomweyo, ndiye ndikukayikira kutentha kwambiri. Tiyeza. Sabata yamawa mnyamata abwereza mphindi 30 pa msewu wa ku Senga Bay kawiri, Lachiwiri 5 koloko ndi theka m'mawa, Loweruka 10 koloko, ine ndikumutsatira ndi madzi, ndipo tidzamuyeza pa sikelo asananyamuke ndi pomaliza. M'kope la aliyense ndaonjezera mizere itatu pafupi ndi nambala ya mtima: nthawi ya tsiku, madzi omwe wamwa, ndi mawu angati omwe amatha kunena asanapume. Pa mpikisano wotsatira malire sadzakhala nambala imodzi koma mpata, 168 mpaka 175 kwa mnyamata ngati kwatentha, ndipo m'kati mwa mpatawo woweruza adzakhala mpweya wake, osati ine.

Mtsikana wabwerera pa 57 m'mawa masiku asanu ndi limodzi otsatizana. Timapepala 8 tija tsiku lake lotha ntchito layandikira, ndipo ndi kutentha kuno ndikutisunga m'chitini chotseka bwino m'chipinda chapakati. Namwino wavomera Lamlungu m'bandakucha asanapite ku tchalitchi. Fani ndabwereka ya batire, koma lichero likhale pafupi.